Funso la Namwino ku Sikelo ya Ana: “Kodi Kunyumba Kuli Mtendere?”

Phunziro la m’miphakati ndi m’mabanja

Malemba oyenera kuwerenga: Eksodo 1:15-21, 2 Samuele 13:1-22, Mateyo 2:13-15, Aefeso 5:21-33

Mawu oyamba

Tsiku la sikelo ya ana pa chipatala cha boma cha Domasi anthu amalawirira. Amayi amafika ana ali kumsana, ena wapansi, ena pa kabaza, kuchokera ku Songani, m’midzi ya kwa Malemia ndi kumunsi kwa chigwa kumene mtsinje wa Domasi umathirira minda ya mpunga usanakathire m’nyanja ya Chilwa. Mwana amayezedwa kulemera kwake, amalandira katemera, ndipo zonse zimalembedwa m’kabuku kake ka kuchipatala. Zimenezi n’zofanana ndi zochitika pa chipatala chachikulu cha Zomba, pa St Luke’s ku Malosa ndi pa zipatala zing’onozing’ono za mumzinda uno.

Koma pali matenda ena amene sikelo siingawayeze, ndipo katemera wake palibe. Matendawo ndi nkhanza za m’banja. Phunziro la Lamulungu lino likufotokoza chifukwa chake akatswiri a zaumoyo amalimbikitsa anamwino ndi azamba kuti azicheza ndi makolo a ana akhanda za nkhanza, mmene kuchezako kumayenera kuchitikira, zimene Mpingo umaphunzitsa, ndi zimene parishi ingachite kuti mayi amene wayankha moona asapezeke ali yekha.

Kukula kwa vutoli

Ofesi ya boma yoona za kalembera, imene likulu lake lili mumzinda wa Zomba mommuno, idachita kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu m’zaka za 2015 ndi 2016. Kafukufukuyo adapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49, amayi 34 adamenyedwapo kapena kupwetekedwa m’thupi chikwanitsire zaka 15. Mwa amayi 100 amene adakwatiwapo, 42 adachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya ya kumenyedwa, kukakamizidwa zogonana kapena kuzunzidwa m’maganizo. Amayi 5 mwa 100 adamenyedwa ali oyembekezera. Chomvetsa chisoni kwambiri n’chakuti pafupifupi theka la amayi ochitidwa nkhanza sadapemphe thandizo kwa wina aliyense, ndipo sadauzeko munthu.

Ana nawo sali pabwino. Kafukufuku wina wa m’chaka cha 2013 wokhudza nkhanza zochitira ana ndi achinyamata m’Malawi adaonetsa kuti atsikana 2 mwa 5 ndi anyamata 2 mwa 3 adachitidwa nkhanza za m’thupi asanafike zaka 18. Pa dziko lonse, bungwe loona zaumoyo la WHO limati pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu amakumana ndi nkhanza za m’thupi kapena zogonana pa moyo wake.

Manambala amenewa sakunena za kumudzi kokha ayi. Nkhanza zili m’nyumba za udzu ndi m’nyumba za malata zokhala ndi mpanda, kwa osaphunzira ndi kwa a madigiri, kwa osapemphera ndi kwa okhala pa mpando wa kutsogolo m’tchalitchi. Kusiyana kwake n’kwakuti m’tauni mpanda umabisa zambiri.

Chifukwa chiyani ku sikelo?

Mayi amene akuzunzidwa kawirikawiri amakhala womangika. Mwamuna akhoza kumuletsa kupita kwa makolo ake, kumulanda foni, kumuletsa geni, ngakhale kumuletsa kupita ku mphakati. Koma ndi amuna ochepa amene amaletsa mwana kupita ku katemera. Motero chipatala chimakhala khomo lokhalo limene mayiyo amalowa popanda kufunsidwa zambiri.

Khomo limenelo amalowapo kangapo. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adapeza kuti ana 91 mwa 100 m’Malawi amabadwira kuchipatala. Mwana akabadwa amalandira katemera woyamba, mayi amabweranso kudzapimidwa patatha sabata imodzi ndi masabata 6, ndipo mwana amabwera ku katemera pa masabata 6, 10 ndi 14, kenaka pa miyezi 9 ndi 15, kuphatikizapo sikelo ya mwezi ndi mwezi. Palibe ofesi ina ya boma, ngakhale gulu la mumpingo, imene imaonana ndi mayi wa mwana wamng’ono kochuluka chotero. Mayi amene walephera kuyankhula lero akhoza kudzayankhula mwezi wa mawa, ngati waona kuti namwinoyo ndi munthu wosunga chinsinsi.

Chifukwa chachiwiri n’chakuti nthawi ya pakati ndi ya chikuta ndi yolemetsa banja. Ndalama zimachepa pamene zofunika zachuluka. Mwana amalira usiku, tulo timasowa, ntchito za pakhomo zimatsalira. Madokotala amalangiza kuti thupi la mayi lipume akangobereka, ndipo mwambo wa m’madera ambiri umatalikitsa nthawi imeneyi mpaka mwana atatengedwa. Amuna ena amapsa mtima ndi kudikirako, ena amayamba zibwenzi, ena amakakamiza mayi amene mabala ake sanapole. Pena mkangano umabuka pa nkhani ya kulera, pena pa zotsatira za kuyezetsa magazi, pena chifukwa mwana wabadwa wamkazi kapena wolumala, pena chifukwa wina wanena kuti mwanayo sakufanana ndi bambo ake. Zonsezi si zifukwa zomenyera munthu, koma ndi nthawi imene nkhanza zimayamba kapena kukula.

M’mayiko ena funsoli lidakhazikitsidwa ngati mbali ya sikelo. M’chigawo cha Victoria ku Australia, anamwino a amayi ndi ana amafunsa mayi za nkhanza mwana akakwanitsa masabata 4. Malangizo amene WHO idatulutsa m’chaka cha 2013 sakakamiza kuti mayi aliyense afunsidwe pa ulendo uliwonse, koma amati wazaumoyo azifunsa akaona zizindikiro, ndipo pakhale malo oduka mphepo, chinsinsi, maphunziro okwanira kwa wofunsayo, ndi kotumiza munthu akaulula.

Mmene nkhanza zimapwetekera khanda

Anthu ambiri amati khanda silidziwa kanthu, choncho makolo akamenyana ilo silikhudzidwa. Akuluakulu adanena kale kuti njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Nkhanza pa nthawi ya pakati zimachititsa kuti mayi apite padera, abereke masiku asanakwane, kapena abereke mwana wochepa thupi. Mwana akabadwa, mayi wamantha ndi wosweka mtima amavutika kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 monga achipatala amalangizira. Ngati bambo akumana ndalama ya chakudya kapena ya ulendo wa kuchipatala, mwana amanyentchera, amaphonya katemera, ndipo akadwala malungo kapena chibayo amafika kuchipatala mochedwa.

Ubongo wa mwana umakula mofulumira kwambiri m’masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Khanda silimva mawu a chipongwe, koma limamva phokoso, limamva kunjenjemera kwa thupi la mayi ake, limaona nkhope yopanda kumwetulira. Mwana wokulira m’mantha otere amadzidzimuka, amavutika kugona ndi kudya, ndipo ena amachedwa kuyankhula. Akakula, mnyamata amene adaona mayi ake akumenyedwa amakhala pa chiopsezo chodzamenya mkazi wake, ndipo mtsikana amakhala pa chiopsezo choganiza kuti kumenyedwa ndiye banja. M’mera mpoyamba.

Palinso ngozi ina yoonekeratu. Mayi akamamenyedwa mwana ali kumsana kapena m’manja, chibakera kapena chikuni chimatha kugwera mwanayo. Ndipo m’nyumba mmene mayi akumenyedwa, kawirikawiri ana nawonso amamenyedwa. N’chifukwa chake namwino wofunsa za mtendere wa mayi sakulowerera za eni. Akugwira ntchito yake yeniyeni yoteteza moyo wa mwana.

Mmene namwino amafunsira

Zizindikiro zimene zimamudzutsa namwino ndi monga zipsera zosagwirizana ndi mmene mayi akufotokozera, kudandaula mutu ndi m’mimba kosatha popanda matenda opezeka, kulira kapena kukhala duu, kujomba ku sikelo kawirikawiri, mwana wosakwera sikelo popanda chifukwa chomveka, ndiponso mwamuna amene amayankha funso lililonse m’malo mwa mkazi wake osalola kuti atsale yekha ngakhale mphindi imodzi.

Lamulo loyamba ndi lakuti funsoli lisafunsidwe pa gulu, pamaso pa mwamuna, apongozi, kapena mwana woti amamva zoyankhulidwa. Kufunsa pamaso pa wozunzayo ndi kumuika mayi m’kamwa mwa mkango, chifukwa akakafika kunyumba akalipira zimene wayankha, ngakhale zimene sanayankhe.

Namwino wanzeru sayamba ndi mawu akuti nkhanza, chifukwa amayi ambiri saona zimene zikuwachitikira ngati nkhanza. Amayamba chapatali: “Mayi, chibadwire mwanayu zinthu zikuyenda bwanji kunyumba? Akukuthandizani ndani?” Kenaka amayandikira: “Amayi ambiri amene timawaona kuno amakumana ndi mavuto ndi anthu okhala nawo. Kodi alipo amene mumamuopa pakhomo panu? Bambo a mwana adayamba akumenyanipo, kukuopsezani, kapena kukukakamizani kugona nawo inu musakufuna?”

Mayi akayamba kuyankhula, buku la WHO la m’chaka cha 2014 limapatsa wazaumoyo masitepe 5. Loyamba ndi kumvetsera modekha, osamudula mawu, osamuweruza. Lachiwiri ndi kufunsa chimene iye mwini akuchifuna ndi chimene chikumudetsa nkhawa, chifukwa wina akufuna mankhwala a bala, wina akuopa matenda, wina akungofuna kuti munthu amumve. Lachitatu ndi kumutsimikizira kuti wamveka ndipo wakhulupiriridwa: “Zimene zikukuchitikiranizi si zoyenera, ndipo si kulakwa kwanu.” Lachinayi ndi kukambirana za chitetezo: kodi n’kotheka kubwerera kunyumba lero? Kodi nkhanzazo zikukula? Adayamba wamukanyangapo pakhosi, kumuopseza ndi mpeni kapena chikwanje, kapena kunena kuti adzamupha? Zikavuta usiku angathawire kwa yani, ndipo kabuku ka mwana, chiphaso ndi kandalama kochepa angazisunge kuti? Lachisanu ndi kumulumikiza ndi anthu ena othandiza.

Pali mawu amene namwino sayenera kunena, ndipo mkhristu aliyense awapewe. “Mudawalakwira chiyani?” ndi funso loika mlandu pa wozunzidwa. “Bwanji osangochoka?” ndi funso la munthu amene sadziwa kuti nthawi yochoka ndi imene imakhala yoopsa kwambiri, ndiponso kuti mayi wa khanda wopanda ndalama sangochoka ngati mlendo. Namwino salamula mayi chochita. Munthu amene wakhala akulamulidwa ndi mantha amayamba kuchira pamene wina walemekeza maganizo ake.

Chinsinsi chili ndi malire, ndipo ndi bwino mayi awadziwe asanayambe kufotokoza. Za munthu wamkulu siziululidwa popanda chilolezo chake. Koma ngati mwana wavulazidwa kapena ali pangozi, lamulo la dziko losamalira ndi kuteteza ana la m’chaka cha 2010 limapereka udindo kwa wachipatala, achibale ndi anthu a m’dera kuti akanene kwa apolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu.

Zimene zimalepheretsa

Kunena n’kosavuta, kuchita ndiye ntchito. M’zipatala zambiri za m’dziko muno namwino mmodzi amakhala ndi mzere wautali womudikira, ndipo chipinda chopimira chimatchingidwa ndi nsalu yokha. Funso lofuna mphindi 15 limapikisana ndi amayi ena amene achoka kunyumba m’bandakucha osadya kanthu. Namwino wina amaopa kufunsa chifukwa sadziwa kuti akauzidwa achita nazo chiyani. Wina amakhala m’dera lomwelo, amagula pa msika umodzi ndi mwamuna wozunzayo, ndipo amaopa kubwezeredwa. Winanso, pokhala munthu, akhoza kukhala kuti naye ali ndi mabala a m’banja lake omwe.

Palinso chinthu china chofuna nzeru. Kwa zaka zambiri achipatala akhala akulimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo ku sikelo, ndipo ichi n’chabwino zedi. Koma bambo akakhala pambali nthawi yonse, mayi wozunzidwa sangatsegule pakamwa. Motero mpofunika kuti pa ulendo uliwonse pakhale kanthawi koti mayi aonane ndi namwino payekha, ndipo bambo wabwino sakhumudwa akapemphedwa kudikira panja.

Kumbali ya mayi, chotchinga chachikulu ndi malangizo amene adalandira. Pa chilangizo cha ukwati ambiri adauzidwa kuti banja ndi kupirira, ndiponso kuti za m’nyumba saulula. Ena adakula akumva kuti kumenya ndi mankhwala a banja. M’chigwa cha Domasi, monga m’madera ambiri a kuno kummwera, mabanja ochuluka ndi a chikamwini, ndipo munthu angaganize kuti mkazi wokhala pakati pa abale ake ndi wotetezeka. Nthawi zina zimaterodi. Koma nthawi zina abale omwewo ndi amene amamuuza kuti akhale chete, poopa kuti mkamwini akachoka feteleza ndi fizi ya ana zichoka naye. M’tauni, kumene banja limakhala kutali ndi ankhoswe ndipo lendi amalipira ndi mwamuna, mantha a umphawi amamanga pakamwa chimodzimodzi.

Mawu kwa abambo

Kucheza za nkhanza ku sikelo si kuzenga mlandu amuna onse. Abambo ambiri amakonda akazi ndi ana awo, ndipo amafunika kuuzidwa zoona zimene palibe adawauzapo. Khanda limalira kwambiri m’miyezi yoyamba, makamaka cha m’masabata 6, ndipo nthawi zina limalira ngakhale lakhuta ndipo silikudwala. Limeneli si dala, ndiponso si kulephera kwa mayi. Munthu asayerekeze kugwedeza khanda mwamphamvu pofuna kuti litonthole. Khosi lake n’losakhwima, ndipo kugwedeza kwa kanthawi kochepa kungathe kutulutsa magazi mu ubongo, kuchititsa khungu, kulumala kapena imfa. Amene waona kuti mtima wamuthawa amugoneke mwana chagada pamalo abwino, atuluke panja, apume, aitane wina.

Abambo adziwenso kuti amayi ena akabereka amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa. Mayi amalira popanda chifukwa chooneka, sasangalala ndi mwana, sadya, sagona ngakhale mwana atagona. Umenewu si ulesi, si mwano, si ufiti. Ndi matenda ochizika, ndipo mzinda wa Zomba uli ndi mwayi wokhala ndi chipatala chachikulu cha matenda a maganizo. Mayi wotere akalandira chibakera m’malo mwa chithandizo, moyo wake ndi wa mwana umakhala pangozi.

Nkhanza sizichokera kwa amuna okha. Alipo amuna amene amanyozedwa, kumenyedwa kapena kuthiridwa madzi otentha ndi akazi awo, ndipo manyazi amawatseka pakamwa. Alipo amayi amene amamenya ana aang’ono mopitirira, apongozi amene amazunza mkazi wa mwana wawo, ndi mabwana amene amazunza atsikana antchito olera ana awo. Onsewa funso la namwino likuwakhudza.

Kuwala kwa Malemba

Buku la Eksodo limasimba za azamba awiri, Sifira ndi Puwa, amene mfumu ya ku Ejipito idawalamula kupha ana aamuna a Aheberi pobadwa. Iwo adaopa Mulungu koposa mfumu, nasiya anawo ali moyo, ndipo Mulungu adawadalitsa. Mbiri ya kupulumutsidwa kwa Aisraele idayambira m’manja mwa azamba amene adakana kutseka maso. Namwino amene amalimba mtima kufunsa funso lovuta chifukwa cha khanda ali pa mzere wa amayi awiriwa.

Nkhani ya Tamara m’buku lachiwiri la Samuele ikuonetsa mbali inayo. Atagwiriridwa ndi Aminoni, mlongo wake wa bambo mmodzi, Abisalomu adamuuza kuti akhale chete pakuti nkhaniyo ndi ya pachibale. Davide, bambo wake, adakwiya koma sadachitepo kanthu. Tamara adatsala wosweka mtima m’nyumba ya Abisalomu, ndipo patapita zaka ziwiri magazi adakhetsedwa m’banjamo. Kukhala chete sikudateteze banja la Davide. Kudangokwirira moto ndi phulusa.

Yosefe Woyera atamva kuti moyo wa Mwana uli pangozi, adadzuka usiku, natenga Mwanayo ndi Amayi ake kuthawira ku Ejipito. Banja Loyera lenilenilo lidathawa nkhanza. Choncho mayi amene wanyamula khanda usiku kuthawira kwa mnansi sanachimwe. Ndipo mwa Yosefe abambo akuona tanthauzo la kukhala mutu wa banja: mphamvu zake zidali zotchinjiriza, osati zoopseza.

Kalata ya kwa Aefeso imapotozedwa kawirikawiri. Anthu amakumbukira mawu onena za kumvera kwa akazi, n’kuiwala kuti ndimeyo imayamba ndi kupempha onse awiri kuti azigonjerana chifukwa choopa Khristu, ndipo imalamula mwamuna kukonda mkazi wake monga Khristu adakondera Mpingo mpaka kuufera. Paulo Woyera akuti mkazi ndi thupi la mwamuna wake lomwe, ndipo munthu sadana ndi thupi lake koma amalidyetsa ndi kulisamala. Palibe pamene Khristu adamenya Mpingo kuti umve.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Akatolika ena amapirira nkhanza poganiza kuti kuchoka m’nyumba ndi kuphwanya Sakramenti la Ukwati. Mpofunika kumvetsa bwino. Mpingo umaphunzitsa kuti ukwati wa sakramenti sumasulika, koma suphunzitsa kuti munthu azidikira imfa m’nyumba. Lamulo la Mpingo nambala 1153 limati ngati mmodzi mwa okwatirana akuika pangozi yaikulu thupi kapena mzimu wa mnzake kapena wa ana, mnzakeyo ali ndi chifukwa chovomerezeka chopatukira. Amatero ndi chilolezo cha akuluakulu a Mpingo, koma ngati kuchedwa kungadzetse ngozi, akhoza kuchoka mwa iye yekha. Kupatukana kotere si kutha kwa ukwati, ndipo pakokha sikumuletsa munthu kulandira Ukaristia.

Papa Francis, m’kalata yake ya m’chaka cha 2016 yonena za chikondi m’banja, Amoris Laetitia, adadzudzula nkhanza zochitira amayi pa ndime 54, n’kunena kuti si chizindikiro cha mphamvu za mwamuna koma mantha ochititsa manyazi. Pa ndime 241 adavomereza kuti nthawi zina kupatukana kumakhala kosapeweka, mwinanso koyenera, pofuna kuteteza wofooka ndi ana aang’ono. Amene waphwanya lonjezo la pa guwa ndi womenyayo, osati wothawayo.

Nanga kukhululuka? Mkhristu amaitanidwa kukhululuka, koma kukhululuka si kubwerera kukagona pamene pali njoka. Kulapa koona kumaoneka ndi zipatso: kuvomera kulakwa popanda kuloza mowa kapena mkazi, kulandira uphungu, kusiya zimene zimamupsetsa mtima, ndi kusintha kooneka kwa nthawi yaitali. Misozi ya m’mawa ndi chitenje chatsopano si kulapa.

Malamulo a dziko ndi kopeza thandizo

Dziko la Malawi lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m’banja la m’chaka cha 2006. Lamuloli limazindikira nkhanza za m’thupi, zogonana, za m’maganizo ndi za pachuma, ndipo limalola khoti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa, ngakhale kulamula kuti wozunzayo achoke m’nyumba. Kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, yodziwika kuti Victim Support Unit. Pa chipatala chachikulu cha Zomba pali malo a Chikwanekwane, pamene achipatala, apolisi, aphungu ndi a chisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi kuti munthu asayende maofesi ambiri akubwereza nkhani yowawa. Bungwe la YONECO, limene likulu lake lili ku Zomba, limayendetsa manambala a ulere: 116 pa nkhani za ana, ndi 5600 pa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi.

Munthu amene wagwiriridwa afike kuchipatala msanga, asanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachilombo ka HIV. Nkhani ya kugwirira mwana si yokambirana kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena ku mphakati. Ndi mlandu wa kupolisi.

Udindo wa parishi

Namwino amakhala ndi mayi mphindi zochepa. Mpingo umakhala naye moyo wonse. Mayi akaulula kuchipatala n’kupeza kuti ku mphakati kapena ku limana akumunena, sadzayankhulanso. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pali zinthu zimene parishi ingachite popanda kudikira thandizo la kunja.

Alangizi a mabanja aunikenso mawu amene amauza achinyamata okonzekera ukwati. Kupirira umphawi, matenda ndi zofooka za mnzako ndi ukoma. Kupirira zibakera si ukoma, ndipo onse awiri auzidwe zimenezi poyera asanafike pa guwa. Maphunziro a makolo okonzekera ubatizo wa ana ndi mwayi wina, chifukwa amasonkhanitsa makolo omwewo amene ali pa sikelo. Mphindi zochepa zonena za kulira kwa khanda, kutopa kwa mayi ndi kopeza thandizo zingapulumutse moyo.

Amayi a bungwe la Chikatolika akamapita kukaona mwana, asamangosiya sopo ndi ufa. Mmodzi wokhwima maganizo apeze mpata wofunsa mayiyo payekha mmene akukhalira, ndipo zimene wamva zisafike pa chitsime kapena pa WhatsApp. Abambo a bungwe la Chikatolika ali ndi ntchito imene amayi sangaigwire: kudzudzula mwamuna mnzawo maso ndi maso, ndi kuonetsa achinyamata kuti kubereka mwana kumsana, kuchapa matewera ndi kudzuka usiku sikuchotsa ulemu wa bambo. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere adziwe maofesi othandiza ndi kukhala okonzeka kuperekeza munthu.

Atsogoleri asamale ndi chizolowezi choitanitsa mwamuna ndi mkazi pamodzi kuti ayanjanitsidwe msangamsanga. Pa mikangano wamba njira imeneyi imathandiza. Koma pamene wina akuopa mnzake, wozunzidwa sangayankhule momasuka, ndipo akabwerera kunyumba amakalangidwa chifukwa choulula. Chitetezo chiyambe, kuyanjanitsa kubwere pambuyo ngati kungatheke.

Pomaliza, m’parishi muno muli anamwino, azamba, madokotala ndi alangizi a zaumoyo. Ntchito yawo ndi utumiki, ndipo zimene amamva tsiku ndi tsiku zimalemera. Ayenera kupemphereredwa, kulimbikitsidwa, ndi kupatsidwa mpata wophunzitsa akhristu anzawo.

Mafunso okambirana m’miphakati

1. Ndi mawu ati a pa chilangizo cha ukwati amene amathandiza banja, ndipo ndi ati amene amatseka pakamwa munthu wozunzidwa?

2. Abisalomu adauza Tamara kuti akhale chete. Kodi masiku ano mawu otere amanenedwa ndi yani, ndipo pa zifukwa ziti?

3. Mayi wa khanda atagogoda usiku pa khomo la mkhristu wa mphakati uno akuthawa nkhanza, angalandiridwe bwanji, ndipo m’mawa mwake angaperekezedwe kuti?

4. Abambo a mphakati uno angachite chiyani mwezi uno pothandiza bambo amene mkazi wake wangobereka kumene?

Zopempherera sabata ino

Anamwino ndi azamba a ku Domasi, a mumzinda wa Zomba ndi a m’dziko lonse, kuti akhale ndi mtima wa Sifira ndi Puwa. Amayi, abambo ndi ana amene akukhala mwamantha m’nyumba zawo, kuti apeze womvetsera ndi pothawira. Onse amene amazunza anzawo, kuti atembenuke mtima moona. Mabanja amene alandira mphatso ya mwana chaka chino, kuti Yosefe Woyera ndi Amayi Maria awapempherere.